Magalasi Atsopano

Tinabwerera magalasi basi, Esinala,
osati zachibwana.
Tinalawira ku Chilipa nkhuku zisanatsike,
ndalama ya minibasi ili pa mfundo ya chitenje chako,
ndipo dzuwa likamapendeka
tinayenera kukhala titabwerera kukatsekera mbuzi.

Koma utatuluka m'chipatala muja,
magalasi ali pamphuno ngati mphunzitsi wamkulu,
unandiyang'ana nthawi yaitali
n'kunena kuti, "Kani imvi zakuchulukani chonchi?
Bwanji osandiuza?"
Ndinaseka mpaka mlonda wa pageti anacheuka.

Ndiwe unayambitsa.
Unati maso atsopano sapita nawo kunyumba osawayesa.
Tinakwera makabaza awiri,
iwe kwa Twaibu, ine kwa mnzake wa chipewa chofiira,
ndipo unamunong'oneza kuti atipitirire.
Ndinangoona duku lako likuuluzika kutsogolo,
belu likulira, fumbi lili kobo,
iwe ukukuwa ngati mtsikana wothawa kusukulu.

Pa chipilala cha wotchi paja
mnyamata wojambula anati, "Gwiranani manja, madala."
Zaka makumi atatu ndi chimodzi
sindinakugwirepo dzanja pamsewu.
Linali lokhakhala, lofunda,
lili ndi chipsera cha chikwakwa chija
chimene ndinamanga ndi kansalu chaka cha njala.
Chithunzi chinatuluka ine nditatsinzina.
Unati tisajambulitsenso, ndi mmene ndimaonekera m'tchalitchi.

Mlatho tinawoloka wapansi, pang'onopang'ono,
njinga zamoto zikutilizira mahutala.
Pakati unaima, n'kutsamira chitsulo chotentha,
n'kuyamba kuwerenga zonse zimene Shire wanyamula:
mabwato anayi, namasupuni woyandama,
kakowa woima ndi mwendo umodzi,
mayi wochapa uko, ndi mtundu wa mbale zake zomwe.
Ine sindinaone kanthu.
Ndinkayang'ana iwe ukuona.

Mumsika unawerenga mokweza chikwangwani chilichonse,
ngakhale cha wokonza mafoni.
Tinagula filizi imodzi ya malambe,
kuluma kusinthana, mano akuzizira,
madzi ake akutsikira m'chigongono.
Abiti Sumani anatiyika kanyenya papepala,
tsabola wambiri, ndimu wofinyira,
n'kuwonjezera kansomba kena ka basera
ati chifukwa akwati atsopano amadya kwambiri.
Sitinawatsutse.

Ndolo zija zinali za mtengo wa sopo wa mwezi wonse.
Ndinanenerera mpaka thukuta,
wogulitsa akulumbira kuti ndamupha,
iwe ukunamizira kuyang'ana mapoto.
Mabowo a m'makutu ako anali atatsala pang'ono kutsekeka.
Unapirira, misozi ili lengelenge,
n'kufunsa kalilole.

Mwazini ataitana kumzikiti
mashopu ena anatseka zitseko,
ndipo tauni inapuma kaye.
Tinakhala pakhonde la telala pansi pa mgwalangwa,
nsapato titavula,
osayankhula za fetereza,
osayankhula za fizi ya Limbikani,
osayankhula n'komwe.

Kudepoti kondakitala ankamenya chitseko:
"Chilipa! Awiri atsala, awiri!"
Iwe unavula magalasi,
n'kuwapumira mpweya, n'kuwapukuta,
mbali iyi, mbali inayo,
mbali iyinso,
mpaka minibasi inakhota pa filing'i siteshoni.
"Mbuzi adzatsekera a Nachisale," unatero.
"Anabwereka sefa yanga chaka chatha, sanabwezebe."

Chipinda cha ku resitihausi chinali ndi fani yolira ngati chigayo
ndi neti yobooka pawiri.
Tisanagone magetsi anathima.
Ndinamva ukupinda magalasi, ukuwaika m'nsapato yanga
kuti asaswedwe,
kenako zala zako zinandifufuza mumdima,
chipumi, makwinya, mphuno, ndevu zosameta bwino.
"Eya," unatero,
"uyu ndiye ndimamudziwa."

Kunja wina ankakankha njinga yophwa tayala.
Udzudzu unapeza bowo lake.
Ine ndinagona chagada, ndikuwerenga m'mutu
ndalama zotsala,
ndipo zinkakwana minibasi ya mmawa
ndi tiyi mmodzi wa mkaka,
makapu awiri.